Bowa wa mutu wonga ubongo womera pa chitsa chowola: momwe mungamuzindikirire

Mvula ikakhazikika, kuyambira mu Disembala mpaka cha mu Malichi, nkhani ya ndiwo imapepuka m'midzi ya m'maboma a Tsangano ndi Macanga. Amayi ndi ana amalawirira kutchire mame asanakamuke, ndipo dzuwa likamakwera mbale za bowa zimakhala zitandandalikidwa kale m'mbali mwa msewu ndi m'misika, kuchokera ku Ntengo-wa-Mbalame mpaka ku Furancungo. Bowa wodzaza mbalezi ndi wodziwika: utale, nyonzwe ndi manda amene amamera pamene pali chiswe, komanso ndelema ndi manyame amene amatuluka m'dothi pansi pa mitengo ya mombo, mchenga ndi msuku. Ameneyu makolo anamuyesa kalekale, ndipo mwana wa kumudzi amakula akumudziwa monga momwe amadziwira nkhwani ndi chisoso.

Vuto limabwera ndi bowa wachilendo, makamaka womera pa zitsa ndi pa zipika zowola. Masiku ano anthu ali ndi mafoni. Munthu akapeza chinthu chodabwitsa amajambula n'kufunsa pa WhatsApp kapena pa Facebook, ndipo sipalephera kupezeka wina woyankha kuti ameneyo ndi morel, bowa amene azungu amagula modula. Amene akuyankhayo sanamugwire bowayo, sanamununkhize, ndipo sadzakhalapo usiku ana akadzayamba kusanza. Nkhani ino ikufotokoza za bowa amene amanamiza anthu mwanjira imeneyi, momwe amaonekera, zimene poizoni wake amachita m'thupi, ndi momwe mungamusiyanitsire ndi ena omera pa mitengo yakufa kwathu kuno.

Dzina lake ndi kwawo

Pa Chingerezi amamutcha false morel, kutanthauza morel wabodza. Akatswiri a sayansi amamutcha Gyromitra, ndipo alipo wa mitundu ingapo. Iwiri ndiyo yofunika kuidziwa. Woyamba ndi Gyromitra infula, amene mabuku atsopano akumulemba kuti Paragyromitra infula. Uyu ndiye amakonda kumera pa mtengo wowola, ndipo anayamba kulembedwa m'mabuku m'chaka cha 1774 ndi katswiri wa ku Germany, Jacob Christian Schäffer. Wachiwiri ndi Gyromitra esculenta, amene amakonda dothi la mchenga pansi pa mitengo ya paini, nthawi zina pafupi ndi zitsa. Dzina lakuti esculenta m'Chilatini limatanthauza kuti chodyedwa. Linaperekedwa m'chaka cha 1800, anthu asanamvetse bwino zimene bowayu amachita, ndipo lakhala likunamiza anthu mpaka lero, pakuti uyu ndiye wapha anthu ambiri pa abale ake onse.

Kwawo kwenikweni kwa bowa ameneyu ndi maiko ozizira a kumpoto, ku Ulaya, North America ndi Asia, m'nkhalango za paini ndi mitengo ina ya mtundu umenewo. Abale ake amapezekanso kum'mwera kwa dziko lapansi, monga ku Chile ndi Argentina. Si bowa wa m'tchire la mombo, n'chifukwa chake agogo athu sanamupatse dzina. Wina angafunse kuti nanga tikumutchuliranji kwa alimi a m'malire muno.

Yankho ndi lakuti bowa amayenda ndi mitengo. Paini amene tikuona m'mapiri a Dedza, Chongoni, Zomba ndi Viphya ku Malawi si wa kuno. Mtundu wotchedwa Pinus patula, umene unadzalidwa kwambiri, unachokera ku Mexico. Mitengo yachilendo imabwera ndi bowa wake ku mizu ndi m'dothi la mbande. Umu ndi momwe bowa wofiira wa mawanga oyera, Amanita muscaria, anafikira m'minda ya paini ya kum'mwera kwa Africa, ndipo umu ndi momwenso bowa woopsa kwambiri pa dziko lonse, Amanita phalloides, anafikira ku South Africa. Kumtunda kozizira konga kwa Tsangano, kumene tirigu ndi mbatata ya kachewere zimachita bwino, anthu akudzala paini ndi bulugamu chaka ndi chaka. Pamalo otere nzeru yakuti chilichonse chomera kuno timachidziwa siikwanira. Tchire la makolo ndi munda wa mitengo yodzala ndi malo awiri osiyana, ngakhale zitayandikana.

Maonekedwe ake

Choyamba kuyang'ana ndi mutu. Bowa amene tinazolowera amakhala ndi chipewa chonga ambulera, chozungulira bwino, ndipo mukachitembenuza mumapeza timizere tambiri tochokera pa tsinde kupita m'mphepete. Morel wabodza alibe ambulera ndipo alibe timizere kunsi. Mutu wake ndi wopindikapindika, ngati chikopa chonyowa chimene wina wachifinya n'kuchiika pamwamba pa kamtengo.

Wa pa chitsa uja, infula, mutu wake umatukuka nsonga ziwiri, nthawi zina zitatu kapena zinayi, pakati n'kulowa, moti umaoneka ngati chishalo. Akakhala wamng'ono khungu lake limakhala losalala ndithu, koma akamakula limachita makwinya ndi mabampu. Mtundu wake ndi wofiirira, kuyambira wonga dothi la katondo mpaka wonga chiwindi cha mbuzi, ndipo akakalamba amadera. Mutuwo ukhoza kutalika masentimita oposa 10. M'mphepete mwake umapindikira m'kati n'kumamatira ku tsinde apa ndi apo. Tsinde lake ndi loyererako kapena lofiirira pang'ono, lotalika masentimita 2 mpaka 6, ndipo lilibe mkanda kapena kathumba kunsi. Amamera yekha kapena awiri atatu motalikirana, pa chipika chimene chawola mpaka kufewa, kawirikawiri chokutidwa ndi ndere. Nthawi zina amaoneka ngati watuluka m'dothi, koma mukafukula pang'ono mumapeza kuti pansi pake pali mtengo wokwiririka.

Wachiwiri uja, esculenta, ndiye wonga ubongo weniweni. Amene anaswapo mutu wa mbuzi angamuzindikire nthawi yomweyo: mizere yokhotakhota, yolowana, yopanda dongosolo. Mtundu wake ndi wofiirira moderako, mutu ukhoza kufika masentimita 15 m'lifupi, ndipo tsinde ndi lalifupi, lonenepa, loyera.

Onse awiri mnofu wawo ndi wopyapyala ndipo umaphwanyika msanga ngati kandulo. Fungo lawo si loipa, ndipo amene anadyapo amati amakoma. Apa ndiye pagona ngozi. Mphuno ndi lilime sizikuchenjezani.

Muduleni pakati

Njira yothandiza kwambiri ndi kutenga mpeni n'kumudula bowayo kuchokera pamwamba mpaka pansi, monga momwe timang'ambira nthochi m'litali. Morel weniweni, amene asayansi amamutcha Morchella, m'kati mwake muli mphako imodzi yokha, yoyera bwino, yochokera kunsonga kwa mutu mpaka kunsi kwa tsinde. Mutu ndi tsinde ndi chinthu chimodzi cholumikizana, ngati chikho. Kunja kwake kuli timaenje tolowa m'kati, tozunguliridwa ndi timalire, ngati zisa za njuchi, ndipo mutu wake umasongoka kumwamba. Amamera m'dothi.

Wabodzayo kunja kwake kulibe timaenje, kuli makwinya otukukira kunja. M'kati mwa mutu muli tizipinda tingapo topindikapindika, ndipo m'tsinde mumapezeka tizipinda kapena zinthu zonga thonje. Chenjezo ndi lakuti infula wina amakhala ndi tsinde la mphako, choncho mphako yokha si umboni. Muyenera kuona zonse pamodzi: timaenje kapena makwinya, mphako imodzi kapena tizipinda, dothi kapena chitsa.

Ndipo ngakhale morel weniweniyo si wodya mwachisawawa. Wosaphika kapena wosapsa bwino amadwalitsa. M'chaka cha 2023 ku Bozeman, m'chigawo cha Montana ku America, anthu 51 anadwala atadya morel pa malo ena odyera, ndipo awiri anamwalira. Choncho mawu akuti azungu amadya asakuthamangitseni kuika mphika pamoto.

Ena omera pa mitengo yakufa

Munthu wa ku Chidzolomondo kapena ku Tsangano akapeza chinthu chofiirira, chamakwinya pa chitsa, nthawi zambiri chimakhala china mwa izi.

Pali bowa wonga khutu la munthu, amene asayansi amamutcha Auricularia. Amamera mowirikiza pa nthambi zakufa mvula ikachuluka. Ndi wofiirira, nthawi zina wamakwinya, n'chifukwa chake pa chithunzi amasokonezedwa ndi morel wabodza. Koma mukamugwira kusiyana kumaonekeratu. Ndi wotamuka ngati mphira, saphwanyika, ndipo alibe tsinde, amangomamatira ku mtengo ndi mbali imodzi. Kukachita dzuwa amauma gwa n'kukhwinyata, mvula ikagwa amafufumanso. M'maiko ambiri, makamaka ku China, amadyedwa ataphikidwa.

Pali tina tating'ono totuwa, taubweya pamwamba, tonga timikupizo, timene timadzaza pa nkhuni ndi pa mitengo ya mpanda. Dzina lake ndi Schizophyllum commune, ndipo timizere take ta kunsi timang'ambika pakati. M'madera ena a Zambia ndi Congo amatidya. Palinso mibulu yakuda yolimba ngati makala, Daldinia, imene mukaiswa m'kati mwake mumaoneka mizere yozungulira, ndi mabale olimba ngati thabwa omera m'mbali mwa zitsa. Izi palibe amene amaziyesa ndiwo.

China chonamiza ndi bowa wonunkha uja, Phallus, amene amatuluka pa zinyalala zowola ndi m'minda. Mutu wake uli ndi timaenje tonga ta morel, koma umakutidwa ndi zoterera zobiriwira moderako, zonunkha ngati nyama yowola, ndipo ntchentche sizichokapo. Kunsi kwake kumakhala chikhungwa chonga cha dzira.

Woopsa kwenikweni pa omera pa mitengo yowola saoneka moopsa konse. Ndi kabowa kakang'ono kofiirira, ka ambulera wamba wosapitirira masentimita 4 kapena 5, kokhala ndi timizere tofiirira kunsi ndi kamkanda kopyapyala pa tsinde. A mtundu wa Galerina amaoneka chotere, ndipo wotchedwa Galerina marginata ali ndi poizoni yemwe uja wa Amanita phalloides, wowononga chiwindi. Mwana amene anazolowera kutola manda akhoza kuona timabowa tambiri pa chipika n'kuganiza kuti wachita mwayi. Muuzeni kuti manda ndi oyera ndipo amamera pa dothi la chiswe, osati pa mtengo. Chimodzimodzinso manyame: weniweni amatuluka m'dothi pansi pa mitengo yamoyo. Mukapeza wachikasu kapena wa mtundu wa lalanje womera mothithikana pa chitsa, musamuyese manyame, pakuti pali mtundu wotchedwa Omphalotus umene umaoneka chotero ndipo umasanzitsa koopsa.

Kwa ife, malangizo osavuta ndi awa: bowa wa pa mtengo wakufa amene mayi anu kapena agogo anu sanakuphikirenipo, ndipo sangamutchule dzina, musiyeni pomwepo. M'Chichewa chathu chomwechi, zinthu zotere sizitchedwa n'komwe bowa. Akuluakulu amangoti ndi chirombo, ndipo katswiri Brian Morris, amene analemba buku la bowa wa ku Malawi lotuluka m'chaka cha 1987, anaona kusiyanitsa kumeneku pakati pa amayi amene ankamuphunzitsa. Bowa wa oyisitala amene alimi ena amalima pa mapesi a chimanga ndi nkhani ina, chifukwa mbewu yake imachokera kodziwika.

Zimene poizoni wake amachita

Poizoni wa morel wabodza amatchedwa gyromitrin. Anamupeza akatswiri awiri a ku Germany, List ndi Luft, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Akalowa m'mimba amasanduka mankhwala ena otchedwa monomethylhydrazine, omwe ndi amodzi mwa mafuta oyendetsera zombo za mumlengalenga. Mankhwalawa amawononga chiwindi, amaswa maselo ofiira a magazi, ndipo amalepheretsa thupi kugwiritsa ntchito vitamini B6, amene ubongo umamufuna kuti mitsempha isamachite phuma. N'chifukwa chake wodwala kwambiri amagwa n'kumaphupha ngati wa khunyu.

Zizindikiro sizibwera msanga. Kawirikawiri pamapita maola 6 mpaka 12, ngakhale kuti wodya wambiri angayambe kumva pakangotha maola awiri. Banja likadya nsima ya madzulo, limagona bwinobwino, vuto n'kudzayamba mbandakucha. Munthu amamva kutupa m'mimba, nseru, kusanza, kutsegula m'mimba, mutu, chizungulire ndi kufooka. Ambiri amachira pakapita masiku awiri mpaka asanu ndi limodzi. Koma ena matenda amapitirira: maso amachita chikasu, mkodzo umada, impso zimafooka, munthu amayamba kubwebweta, kuphupha ndi kukomoka, ndipo imfa ikhoza kubwera patatha masiku asanu kapena asanu ndi awiri. Ku Poland, kafukufuku wa m'chaka cha 1971 anasonyeza kuti pa anthu 100 aliwonse omwalira ndi bowa, ofika 23 ankafa ndi mtundu umenewu.

Chodabwitsa ndi chakuti anthu odya mbale imodzi sadwala mofanana. Wina amadzuka ali bwinobwino, mnzake ali kayakaya. Kuchuluka kwa poizoni kumasiyana malinga ndi malo amene bowayo wamera, ndipo matupi a anthu amasiyananso. Ana ndiwo amagwa msanga chifukwa cha kuchepa kwa thupi. Munthu akhozanso kudya chaka chino osamva kanthu, n'kudzadwala chaka chamawa, kapena kudwala atadya kachiwiri m'masiku otsatizana. Choncho umboni wakuti uje anadya koma ali moyo ndi wosadalirika.

Kafukufuku wofalitsidwa m'chaka cha 2023 ku America anapeza kuti gyromitrin sali mu mitundu yonse ya Gyromitra, ndipo amapezeka makamaka mwa esculenta ndi abale ake apafupi. Izi zisakupatseni mtima wofuna kuyesa wa pa chitsayo. Mitunduyi imafanana kwambiri moti akatswiri enieniwo amafunika makina oonera tinthu tating'ono kuti aisiyanitse, ndipo infula ali ndi mnzake wofanana naye, Gyromitra ambigua, amene mabuku amamuika pa gulu la apoizoni. Mlimi ali kumunda alibe njira yodziwira kuti wagwira uti.

Kodi kufutsa sikuchotsa poizoni?

Funso ili ndi lomveka, chifukwa kwathu kuno timadziwa kuwiritsa bowa, kumuyanika ndi kumusunga m'chikwatu kuti tidzadye m'chilimwe. Zoona zake ndi zakuti ku Finland bowa wa esculenta amagulitsidwa m'misika, koma ndi chenjezo lolembedwa. Kumeneko amamuwiritsa kawiri m'madzi ambiri, akutaya madziwo ndi kutsuka bowayo ulendo uliwonse, mazenera ali otsegula. Amatsegula mazenera chifukwa poizoniyu amauluka pa madigiri 87, madzi asanawire n'komwe, ndipo wophika akhoza kudwala ndi nthunzi yokha. Taganizirani khitchini ya kumudzi, ya khomo limodzi, mayi ataweramira mphika mwana ali kumbuyo. Ngakhale atawiritsidwa chotero, poizoni satheratu. Dziko loyandikana nalo la Sweden limalangiza anthu ake kuti asamadye konse, ndipo ku Spain kumugulitsa n'koletsedwa. Pa mbewa za m'nyumba zoyesera, mankhwalawa anapezeka kuti amayambitsa khansa.

Kaphikidwe kathu kamawonjezera ngozi, chifukwa sititaya msuzi. Timathira tomato kapena nsinjiro m'madzi omwewo, ndipo ana ndiwo amakonda kunyambita mbale.

Pa poizoni wa Galerina ndi Amanita phalloides, nkhani ya kuwiritsa musaiganizire n'komwe. Ameneyu satha ndi moto, dzuwa, mchere kapena chidulo. Mfutso wa bowa wotere umapha m'Okutobala monga momwe ukanaphera mu Januwale, ndipo ukauma ndi kudulidwadulidwa palibe angauzindikire. Theka la chipewa cha Amanita phalloides likhoza kupha munthu wamkulu.

Zoyesera zimene sizithandiza

Pali zikhulupiriro zimene zimamveka m'midzi ndi m'matauni momwe. Ena amati bowa amene wadyedwa ndi nkhono, mphutsi kapena anyani ndi wabwino. Nkhono zimadya Amanita phalloides popanda vuto, thupi lake si lathu. Ena amati poizoni amadetsa supuni kapena anyezi mumphika. Sizichitika. Ena amayamba apatsa galu kapena nkhuku n'kudikira pang'ono, koma poti poizoni woopsa amatenga maola ambiri, galuyo amadzayamba kudwala banja litadya kale. Kulawa ndi lilime nakonso n'kosathandiza, pakuti bowa wakupha ambiri sawawa. Mapulogalamu a pa foni ozindikira zomera amalakwitsa kawirikawiri, makamaka pa bowa wa kuno ku Africa amene zithunzi zake n'zochepa.

Chothandiza ndi kufunsa munthu wa m'dera lomwelo amene wakhala akuzula bowa kwa zaka zambiri, ndi kumuonetsa bowa wathunthu, osati chithunzi. Paja safunsa anadya phula. Koma nayenso wofunsidwayo akhale woona mtima. Ngati sakumudziwa anene kuti sakumudziwa, asachite manyazi.

Mawu apadera apite kwa abale athu oyenda. Anthu a m'maboma athu ano amapita ku Beira, Maputo, Harare ndi ku South Africa kukagwira ntchito. Ndelema wathu, Amanita zambiana, ali ndi kathumba kunsi kwa tsinde, mkanda ndi timizere toyera. Amanita phalloides nayenso ali ndi kathumba, mkanda ndi timizere toyera, ndipo amamera pansi pa mitengo yodzala ya oak ndi paini ku South Africa. Chipewa chake chimakonda kukhala chobiriwirako, ndipo m'mphepete mwake mulibe timikwasa timene timaoneka pa ndelema, koma mvula ikachitsuka chimayera. M'maiko ambiri, anthu obwera ndi amene amafa ndi bowa ameneyu, chifukwa amamuona ngati wa kwawo. Kufuula kuti "bowa bwanga" n'kwabwino pa chulu cha kumudzi kwanu. Kuchilendo, bowa wakutchire musamuzule.

Munthu akadya bowa wokayikitsa

Musadikire zizindikiro. Onse amene adya mbaleyo apite ku chipatala chapafupi, ngakhale amene akumva bwino, ndipo ana ndi amayi oyembekezera atsogole. Mayi woyamwitsa auze anamwino kuti ali ndi mwana wa kubere. Tengani bowa wotsala, wosaphika kapena wophika, ngakhale zosenda zimene munataya kudzala. Kumbukirani nthawi imene munadya ndi nthawi imene woyamba anayamba kudwala, chifukwa adokotala amadalira kwambiri maola amenewa. Kusanza koyamba pasanathe maola awiri kapena atatu nthawi zambiri kumachokera ku bowa wovutitsa m'mimba chabe. Koyamba patapita maola asanu ndi limodzi kapena kuposerapo ndiye koopsa, chifukwa kumasonyeza poizoni wa chiwindi. Komabe ngati mumphika munali mitundu yosakaniza, kudwala msanga sikutanthauza kuti woopsayo munalibe.

Pali msampha wina umene wapha anthu ambiri. Pa poizoni wa chiwindi, wodwala amasanza tsiku loyamba, kenako tsiku lachiwiri amapeza bwino, amadzuka, mwina kupempha phala. Abale amati wachira, ulendo wa kuchipatala n'kulephereka, kapena amamutulutsa msanga. Nthawi imeneyo chiwindi chimakhala chikuwonongeka mwakachetechete, ndipo pa tsiku lachitatu mpaka lachisanu chikasu ndi kukomoka zimabwera. Achipatala akanena kuti wodwala agonekedwe kapena atumizidwe ku chipatala chachikulu cha ku Ulongwe kapena cha chigawo ku Tete kuti akamuyeze magazi, musakane poona kuti akuyenda yekha. Amene muli m'malire, ngati chipatala cha Ntcheu kapena Dedza ndicho chili pafupi, thamangirani kumeneko.

Muli pa njira, wodwala amene ali maso azimwa madzi a mchere ndi shuga pang'onopang'ono, aja a m'mapaketi amene ena amati thanzi, ena SRO. Ngati palibe, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Wokomoka kapena wophupha musamumwetse kanthu, musamuike chala kapena supuni m'kamwa, ingomugonekani cham'mbali. Mkaka, mafuta ophikira, phulusa ndi kachasu sizichotsa poizoni, ndipo mowa umalemetsa chiwindi chimene chavulala kale. Mapiritsi a mutu monga panado asaperekedwe popanda achipatala kunena, chifukwa nawonso amadutsa m'chiwindi. Makala amene amaperekedwa ku chipatala ndi okonzedwa mwapadera, si ofanana ndi a pa mbaula, ndipo amathandiza munthu akafika msanga. Kumeneko wodwala amaikidwa madzi a m'mitsempha, ndipo wophupha chifukwa cha gyromitrin amabayidwa vitamini B6 pamodzi ndi mankhwala oletsa kuphupha.

Mukamupeza kumunda kapena m'nkhalango

Kugwira bowa wapoizoni sikupha, bola musambe m'manja musanadye kanthu. Ngati mwapeza wa mutu wonga ubongo kapena chishalo ndipo mukufuna adziwike, muzuleni yense ndi kachidutswa ka mtengo umene wamerapo. Mukulungeni m'pepala kapena m'tsamba louma, osati m'pulasitiki, chifukwa mmenemo amabvunda tsiku lomwelo. Musamuike m'dengu limodzi ndi bowa wa ndiwo, pakuti tizidutswa take timaphwanyika n'kusakanikirana ndi ena. Jambulani pamwamba, kunsi ndi m'kati mutamudula, lembani tsiku, malo ndi mtundu wa mitengo yozungulira, ndipo kaonetseni alangizi a zaulimi ndi zankhalango ku ofesi ya SDAE ya boma lanu.

Ogulitsa pamsika aziika mtundu uliwonse m'mbale yakeyake, bowa ali wathunthu ndi tsinde lake, kuti wogula aone chimene akugula. Wogula naye ali ndi ufulu wofunsa dzina la bowayo ndi kumene wazulidwa, makamaka akakhala wofutsa. Chitsa chimene chikumera bowa wokayikitsa pafupi ndi nyumba sichifunika kutentha tchire. Zulani bowayo nthawi iliyonse akatuluka, mutayeni m'chimbudzi kapena mumukwirire m'dzenje lakuya kumene ana ndi nkhumba sangafukule, ndipo chitsacho mukachizula muchiumitse chikhale nkhuni.